CHENJEZO: Musakhome tenti pagombe la phee musanafunse eni dera

Uthenga uwu ndi wa mabanja, magulu a achinyamata a m'mipingo, aphunzitsi operekeza ana a sukulu pa maulendo, anzathu a m'maofesi amene amasonkherana ya mafuta a galimoto, ndi wina aliyense amene wakonza zonyamula tenti kukagona m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Uwerengeni musananyamuke, ndipo muwawerengerenso amene mukupita nawo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Anthu ambiri atopa nawo magombe otchuka. Pa Tsiku la Anakubala, pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, ku Senga Bay ndi ku Mangochi kumakhala kosowa poponda: nyimbo zikulira mbali zonse, utsi wa kanyenya uli tolotolo, minibasi zitandandalika mpaka kumsewu. N'chifukwa chake ena tsopano akumafuna kagombe kobisika, kofikako ndi kamsewu kafumbi, komwe munthu amadzuka m'mawa n'kumva nkhwazi yokha. Malo otere alipo ambiri kuyambira kwa Nankumba mpaka ku Chitimba, ndipo ndi okongoladi.

Koma mvetsetsani ichi. Pagombe lodzaza anthu, mwana akayamba kumira pamakhala maso mazana omuona ndi mabwato pafupi. Pagombe la phee pamakhala inu nokha, chipatala chili kutali, foni ikugwira mwa apo ndi apo. Ndipo bata lomwe lakukopani inu ndi lomwenso limasunga mvuu, ng'ona, nkhono za likodzo ndi udzudzu. Mukaona gombe lokoma chonchi, koma amayi a m'mudzi satungapo madzi, ana sasambapo, asodzi sakochezapo mabwato, dziwani kuti pali chifukwa, ndipo eni dera akuchidziwa.

Ine ndidaziphunzira mochititsa manyazi. Chaka china tidapita anthu asanu ndi mmodzi kugombe lina m'boma la Nkhotakota. Tidafika dzuwa litapendeka, n'kuona kamalo kosalala pakati pa bango, udzu wake waufupi ngati wa pabwalo la mpira, ndi kanjira koyera kotsikira m'madzi. Tidati watikonzera ndi Mulungu. Tenti yoyamba itangoima, kudatulukira bambo wina wachikulire atasenza nkhafi paphewa. Adaima chapatali kutiyang'ana, ndipo titapatsana moni adafunsa mofatsa:

"Ana anga, wakuuzani kuti mugone pamenepa ndani?"

"Palibe, bambo. Tangopakonda."

"Nanga udzuwu mukuti amamweta ndani? Tabwerani muone."

Adatilozera pamatope m'mphepete mwa kanjira kaja. Padali mapazi aakulu ngati mbale ya nsima, a zala zinayi, ndipo pazitsamba za m'mbali padali ndowe zomwazika ngati wina wachita kuwaza ndi tsache. Tidali titamanga tenti pakhomo pa mvuu. Tidazula zikhomo mwakachetechete n'kusamukira pafupi ndi doko, pafungo la usipa ndi phokoso la ana, zomwe zija tidathawa.

Funsani musanakhome chikhomo

Fikani kukali kowala. Gombe losankha ndi nyali za galimoto limabisa zambiri. Mukafika, pitani kaye kwa amfumu, kwa a komiti ya padoko, kapena kwa mlonda ngati ndi malo olipira. Perekani moni, nenani kuti ndinu ndani, mulipo angati ndipo mukhala masiku angati. Kenako funsani zinthu zinayi: ng'ona idaoneka liti komaliza, mvuu zimatulukira pati, madzi amazama mwadzidzidzi pati, ndipo chipatala chapafupi mungafikeko bwanji usiku. Funsani msodzi wachikulire kapena mayi wotunga madzi. Mnyamata amene akufuna kukukwezani boti yankho lake limakhala limodzi: "Palibe vuto, bwana." Safunsa adadya phula.

Ngati muli ku Cape Maclear ndi zilumba zake, mwalowa m'dera la Lake Malawi National Park, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO idaliika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kumeneko kuli malamulo a komwe mungagone ndi komwe simuloledwa kuwedza. Tsatirani zomwe akuuzani a nthambi yoona za nyama zakutchire. Anyani a kumeneko adazolowera alendo ndipo saopa mwana wonyamula nthochi. Musawadyetse, ndipo chakudya chizikhala m'galimoto yotseka. Nyani kapena galu akaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Mvuu ndi ng'ona

Mvuu imaswera m'madzi, usiku n'kutuluka kukadya udzu, ndipo imakonda kudutsa njira yomweyomweyo. Yamphongo yaikulu imapitirira makilogalamu 1,500, koma pamtunda munthu sangaipose liwiro. Ikadzidzimuka imathamangira kumadzi, ndipo chilichonse chomwe chili pakati pa iyo ndi madziwo imachiponda. Choncho tenti isaime pakanjira kochokera m'bango, kapena paudzu waufupi womwe uli ndi mapazi ndi ndowe. Usiku musatuluke opanda tochi, ngakhale pongokataya madzi kuseri kwa mtengo. Mukaiona bwererani pang'onopang'ono. Musaigende, musaiyandikire kuti muijambule. Ya kamwana ndiyo yolusa koposa, ndipo pamadzi imatha kugubuduza bwato.

Ng'ona imakonda pamathiriro a mitsinje, m'madambo ndi m'bango: malo ngati pomwe Bua, Dwangwa ndi Linthipe zimathirira m'nyanja, ku Chia, komanso kumunsi komwe nyanja imatulukira mu Shire kulowera ku Malombe. Ndi nyama yodekha. Imaona munthu wobwera pamalo amodzi nthawi yomweyomweyo, lero, mawa, mkuja, iyo ili duu kudikira. Musasambe usiku, m'bandakucha kapena chisisira. Musatumbulire chambo kapena kutsukira mapoto m'mphepete mwa madzi pafupi ndi matenti, chifukwa matumbo a nsomba ndi mafupa a nkhuku ndiko kuiitana kumeneko. Tungani madzi m'ndowa mukatsukire kumtunda. Ana asasewere okha ngakhale pamadzi olekeza m'maondo. Ng'ona siisowa madzi akuya kuti ibisale.

Mwera sunena kuti ndikubwera

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo chakumpoto imazama mamita pafupifupi 700. Mphepo ikayambira kumwera imakhala ndi mtunda wonsewo wokankha madzi, ndiye mafunde ake amakula mosayembekezeka. Mwera umavuta kwambiri kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ndipo m'dzinja mphepo ya mkuntho imatha kutembenuza nyanja m'kanthawi kochepa. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo komanso yatsopano, idamira pa namondwe kumpoto kwa nyanjayi n'kupha anthu 145. Pa Pasaka wa 2017, ku Mlowe m'boma la Rumphi, boti lodzaza anthu ochokera ku mapemphero lidagubuduka ndipo mabanja adalira maliro. Madzi omwe adameza sitima sangachitire chisoni kabwato ka anthu asanu.

Mverani wailesi, pakuti nthambi yoona za nyengo imalengeza mwera ukayandikira. Koma chizindikiro chapafupi ndi asodzi. Mukaona mabwato onse akokeredwa kumtunda, amuna akusoka maukonde pamthunzi nthawi yomwe amayenera kukhala pamadzi, inunso khalani pamchenga. Musakwere boti lodzaza mopitirira, lopanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense, kapena lomwe woyendetsa wake akununkha mowa. Jeketelo livalidwe ndi kumangidwa. Lokhalira pansi ngati khushoni silipulumutsa munthu.

Chenjerani ndi machubu a galimoto ndi timatilesi topopa. Mwana amakhala pachubu akuseka, miyendo ikulendewera m'madzi. Kamphepo kochokera kumtunda kamamukankha pang'onopang'ono. Amayi ali kalikiliki kupakula mpunga, bambo akutembenuza nyama pamoto. Akamadzadzutsa mutu, mwana ali pamtunda woti mawu sakufika. Mantha amamugwira, amadumpha kuti asambire kubwerera, chubu n'kuuluzika ndi mphepo. Zonsezi zimachitika nyanja ili bata, dzuwa likuwala, wailesi ikuimba.

Kumira kulibe phokoso. Womira sakuwa, chifukwa pakamwa pake pakulimbana ndi kupuma. Mutu umakhala chogadama, manja akupalasa m'mbali, ndipo m'kanthawi kochepa amasowa. Choncho ana akalowa m'madzi, pakhale munthu wamkulu mmodzi, wosamwa mowa, wosagwira foni, amene ntchito yake ndi kuwerenga mitu basi. Akatopa apereke ntchitoyo kwa wina pomutchula dzina. Gulu likamati "tonse tikuwaona" ndiye kuti palibe akuwaona.

Kwa akuluakulu, mdani ndi mowa ndi matama. Amene wamwa asalowe m'madzi, ngakhale atakhala katswiri. Kudziwa kusambira padamu la kumudzi kapena pahotela m'tauni sikukonzekeretsa munthu kulimbana ndi mafunde. Ku Nkhata Bay ndi magombe ena a miyala chakumpoto, madzi amazama pafupi penipeni ndi mtunda: phazi limodzi uli m'chiuno, lachiwiri pansi palibe. Musadumphe chamutu kuchokera pathanthwe pomwe simudaone pansi pake. Musapikisane kusambira kupita kuchilumba kapena kuboti lomwe laima patali. Pamadzi mtunda umanyenga maso, ndipo nyali za asodzi a usipa zomwe zimaoneka pafupi usiku zimakhala kutali zedi.

Wina akayamba kumira

Musadumphire m'madzi ngati simudaphunzire kupulumutsa munthu. Womira amagwira ndi mphamvu zake zonse chilichonse chomwe chamuyandikira, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina maliro a panyanja amakhala a anthu awiri, mwana ndi amene amafuna kumupulumutsa. Kuwani kuti a mabwato amve. Mponyereni chinthu choyandama, kapena mpatsireni nsungwi yaitali kapena nkhafi inu muli pouma. Chigubu chopanda kanthu cha malita 20, chotseka bwino, chomangidwa chingwe chachitali pachogwirira, chingathe kuyandamitsa munthu wamkulu. Chigubu chotere chizikhala pamchenga nthawi yonse yomwe anthu ali m'madzi. Sichidula, ndipo m'nyumba zambiri chilimo.

Mukamutulutsa, mugonekeni chagada pamalo olimba n'kuona ngati akupuma. Ngati sakupuma, kwezani chibwano chake, tsinani mphuno, muuzireni mpweya mkamwa kasanu. Kenako dinikizani pakati pa chifuwa ka 30, mwamphamvu ndi mofulumira, muuzireni mpweya kawiri, n'kumabwereza choncho osaleka, wina akuthamangira galimoto. Musamuzondotse kapena kumupsinja pamimba kuti asanze madzi. Kumeneko ndi kutaya mphindi zomwe ubongo wake ukusowa mpweya. Ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali, mvuleni zonyowa, mfunditseni. Ngakhale atsitsimuke n'kumanena kuti ali bwino, mtengereni kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kumutembenukira patadutsa maola angapo.

Mbaula isalowe m'tenti

Mu Juni ndi Julaye, mwera ukamaomba usiku, kugombe kumazizira kuposa momwe anthu a kumtunda amaganizira. Apa ndi pomwe wina amati tilowetse mbaula tingootha pang'ono, titseke zipi. Musayerekeze. Makala oyaka pamalo otsekedwa amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. Umatuluka ngakhale makala atafiira bwino, utsi utatha. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenako tulo tokoma. Anthu ogona kale samva chilichonse, ndipo amapezeka m'mawa ali m'mabulangete awo. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Mukaona anthu awiri kapena atatu m'tenti imodzi akudandaula mutu nthawi imodzi, atulutseni panja msanga ndipo pitani nawo kuchipatala. Chimodzimodzinso sitovu ya gasi ndi jenereta: malo ake ndi panja, kutali ndi ogona. Kandulo ndi koloboyi nazonso zisalowe, pakuti nsalu ya tenti ikagwira moto imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Nyamulani mabulangete okwanira ndi tochi.

Moto wophikira muzimitse ndi madzi. Makala ongokwiriridwa ndi mchenga amakhala otentha mpaka m'mawa, ndipo amene amawaponda ndi mwana wothamangira kumadzi opanda nsapato. M'chilimwe udzu ndi bango zimakhala zouma, ndipo kamoto kosiyidwa kakhoza kutentha thandala za nsomba ndi nyumba za anthu omwe akulandirani.

Mvula ya kumapiri imafika usiku

Kuyambira Novembala mpaka Epulo, choopsa china chimachokera kumbuyo kwanu. Mvula imatha kugwa kumapiri a Dedza, Ntchisi, Viphya kapena Nyika, inu kugombe nyenyezi zili mbee. Madziwo amatsika ndi mitsinje n'kufika kunyanja anthu ali m'tulo, atanyamula zitsa ndi matope. Khwawa louma la mchenga woyera limaoneka ngati malo abwino ogona, koma limenelo ndi msewu wa madzi. Mu Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa udasefukira ku Nkhotakota n'kusiya anthu ambiri opanda pokhala. Mangani pamalo okwera, kutali ndi mathiriro, ndipo galimoto iime moyang'ana kotulukira. Mtsinje ukadzaza pamsewu, lindani madzi apite. Musayese kuwoloka.

Chaka chomwecho cha 2024 madzi a nyanja yeniyeniyo adakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Gombe lomwe mudaliona pachithunzi chakale pa Facebook likhoza kukhala kuti lidasintha, ndipo madzi akasuntha, bango, mvuu ndi ng'ona nazonso zimasuntha. Musadalire zomwe mudaona ulendo watha.

Mukangomva bingu, aliyense atuluke m'madzi. Tenti siteteza ku mphenzi, ndipo mtengo wautali woima wokha pagombe, kaya mlambe kaya mgwalangwa, ndiwo malo oipitsitsa obisalapo. Lowani m'nyumba kapena m'galimoto yotseka mawindo, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Matenda omwe amakutsatirani kunyumba

Zoopsa zina sizioneka muli konko. Mumabwerera mutasangalala, zithunzi zili mbwee m'foni, koma thupi litanyamula zina.

Choyamba ndi likodzo. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a tizilombo amaswa n'kulowa mu nkhono zing'onozing'ono. M'nkhonomo tizilomboto timachulukana, kenako timatuluka n'kumasambira, ndipo tikakhudza khungu la munthu timaboola n'kulowa. Sipafunika bala kapena kumwa madziwo. Kungoima m'madzi mukutsuka mbale n'kokwanira. Nkhonozi zimakonda madzi odekha, osaya, a zomera, pafupi ndi pomwe anthu amachapira, ndiye kuti malo enieni omwe makolo amati ndi abwino kwa ana chifukwa palibe mafunde. Ngakhale mchenga woyera si chitsimikizo. Ofufuza ku Cape Maclear adapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha kusodza kopitirira muyeso, nkhono zidachuluka ngakhale pamagombe a mchenga.

Zizindikiro zimachedwa. Ena amamva kuyabwa tsiku lomwelo, ena amatentha thupi patatha masabata angapo, ena amadzaona magazi pomaliza kukodza, ndipo ena saona chilichonse pomwe chikhodzodzo, impso kapena chiwindi zikuonongeka. Kwa amayi likodzo limatha kuyambitsa zilonda m'njira ya chiberekero ndi kuvuta kutenga pathupi. Mankhwala ake, praziquantel, alipo m'zipatala ndipo amagwira ntchito, koma amapha nyongolotsi zokhwima. Kumwa tsiku lomwe mwachoka kunyanja n'kutaya mankhwala. Dikirani pafupifupi miyezi iwiri, kenako pitani mukayezetse n'kuwauza adokotala kuti mudasamba m'nyanja. Mukaona zizindikiro nthawiyo isanakwane, musadikire. Madzi osamba ana aang'ono muziwaphitsa, kapena akhale m'ndowa masiku awiri. Ndipo inu musakodzere m'nyanja. Tizilombo tomwe mukuopa tidabwera ndi munthu amene adaganiza kuti palibe akumuona.

Chachiwiri ndi malungo. Kugombe n'kotentha ndipo udzudzu ulipo chaka chonse, makamaka pafupi ndi madambo. Tenti yong'ambika kapena yosiyidwa yotsegula madzulo imasanduka khola la udzudzu. Tsekani zipi dzuwa lisanalowe, nyamulani neti, valani zofika m'mikono ndi m'akakolo mukakhala pamoto. Amayi oyembekezera ndi ana osafika zaka zisanu ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Abale obwera kutchuthi kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain akumbukire kuti thupi likakhala zaka kunja limaiwala malungo, ndipo ana obadwira kumeneko sadakumane nawo n'komwe. Aonane ndi dokotala za mankhwala oteteza asananyamuke. Aliyense amene watentha thupi ali kunyanja kapena atabwerako akayezetse magazi pasanathe maola 24. Musagule mankhwala a LA mongoganizira, ndipo ngati mwabwerera kale kunja, auzeni adokotala kuti mudali ku Malawi.

Chachitatu ndi kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba. Mliri womwe udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay adali m'gulu la omwe adavutika kwambiri. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera ngati galasi, musamwe osawiritsa kapena osathira klorini. Nsomba idyedwe yotentha. Sambani m'manja ndi sopo. Ngati pamalopo palibe chimbudzi, kumbani dzenje kumtunda, kutali ndi madzi, ndipo muzikwirira. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, mpatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo ali pa ulendo wa kuchipatala. Ngati mulibe, sungunulani masupuni a tiyi asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Kolera ikhoza kupha munthu wamkulu m'maola ochepa.

Musananyamuke

Uzani wachibale wotsala kunyumba dzina la mudzi womwe mukupita ndi tsiku lobwerera.

Lembani papepala nambala za polisi ndi chipatala cha m'deralo, komanso ya munthu mmodzi wa m'mudzimo. Foni ikatha moto, pepala limatsala.

Galimoto ikhale ndi mafuta okwanira kufika kuchipatala, ndipo usiku uliwonse pakhale woyendetsa mmodzi amene sadamwe. Kuchokera ku Cape Maclear kupita ku Monkey Bay, kapena ku Senga Bay kupita ku Salima, ndi makilomita pafupifupi 20. Magombe obisika ali kutali kuposa apo, ndipo misewu yake imavuta mvula ikagwa.

Nyamulani madzi akumwa kapena klorini, ORS, neti, tochi ndi mabatire, mabandeji, chingwe ndi chigubu chija.

M'mawa kutumulani nsapato musanavale, chifukwa zinkhanira zimakonda kubisalamo. Njoka ikaluma munthu, musacheke kapena kuyamwa balalo. Asayende, mwendo kapena mkonowo usagwedezeke, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Usiku ndalama ndi mafoni zikhale m'galimoto yokhoma, ndipo atsikana ndi ana asapite okha kuchimbudzi.

Kwa atsogoleri a magulu ndi eni malo

Abusa, aphunzitsi ndi atsogoleri a achinyamata, mukanyamula ana a eni mwasenza udindo waukulu. Lembani mayina onse, dziwani amene satha kusambira, ikani malire ooneka a pomwe angafike m'madzi, ndipo werengani mitu polowa ndi potuluka. Ngati akuluakulu ndi ochepa, ana alowe m'magulu ang'onoang'ono mosinthana. Ndi bwino kuti akudandauleni kuti ndinu ovuta kusiyana ndi kukaima pakhomo pa kholo mutanyamula chikwama ndi nsapato za mwana wake.

Inunso eni malo ogonapo, nenani zoona. Ngati ng'ona idaoneka mwezi watha, auzeni alendo akamafika. Ikani zikwangwani m'Chichewa pomwe pali pakuya, khalani ndi choyandamitsa ndi chingwe poonekera, ndipo mlonda wanu adziwe chochita munthu akamira. Ndalama ya usiku umodzi siingalipire mbiri ya malo omwe padafera munthu chifukwa mwini wake adabisa.

Nyanja ndi yathu, ndipo palibe akukuletsani kupitako. Anthu a m'mbali mwake amakhala nayo tsiku ndi tsiku chifukwa amadziwa nthawi yolowa ndi nthawi yoisiya. Nzeru imeneyo amaipereka ulere kwa mlendo amene wayamba ndi moni. Ngati mwafika mdima utagwa ndipo palibe womufunsa, gonani m'galimoto kapena pafupi ndi nyumba za anthu, gombe mukasankhe kukacha.

Ife usiku uja ku Nkhotakota tidamva mvuu zikulira chakubango, ndipo palibe adayankhula. M'mawa ndidabwerera kukamalo kathu kokongola kaja kukatenga chikhomo chimodzi chomwe tidaiwala. Ndidachipeza chitapindika, chitakanikizidwa m'matope pakati pa phazi la zala zinayi, pomwe pakadakhala mutu wa mphwanga. Bambo aja sindidawafunse n'komwe dzina. Inu mukafika, funsani.